Kompyuta Yachira, Wochedwa Ndatsala Ine

Lolemba, 7 Okotobala

M'nyumba mwanga mwalowa mlendo wopanda miyendo. Kompyuta. Wabwera nayo ndi mzime wathu, uja timamuti Injiniya chifukwa ali kamwana anaphwasula wailesi yanga kufuna kuona anthu okhala m'katimo. Pano ndi mayi wa ana ake, ndipo ntchito yake n'kujambula makwaya ndi tinyimbo totsatsa sopo. Katundu yense wamuika m'chipinda chimene ankagona anyamata. Sikirini pa tebulo, chibokosi pansi pa tebulo, zingwe mbwee ngati matumbo a mbuzi.

Chimene yabwerera si choseketsa, koma ndilembe basi. Alamu anga a Wailesi, achimwene a mkazi wanga, awapeza ndi chotupa pakholingo. Akukhala kuno podikira chipatala. Adokotala akuti Lachitatu la sabata ya mawa achotsa chotupacho, ndi kholingo lomwe. Moyo utsala, mawu ayi. A Wailesi opanda mawu! Munthu amene ngakhale kutulo amawerenga nkhani.

Ine ndi iwowa tayimba limodzi ndevu zisanamere. Iwo kutsogolera, ine gitala ndi kuvomera. Masana ine kukonza mawotchi, iwo kupenta nyumba, Loweruka m'maukwati. Koma palibe chojambulidwa chathu chimene chatsala. Kaseti imodzi imene tinali nayo inatafunidwa ndi wailesi ya m'basi. Ndiye Injiniya akuti, “Ababa, amalume asanapite ku mpeni, nyimbo imodzi yokha. Ya jekete ija.”

Ya jekete! Pokafunsira mlongo wawo ndinabwereka jekete kwa iwo omwe, osadziwa kuti anaichapa dzulo lake ndi mtsikana yemweyo. Nyimbo inabadwa pamenepo. Iwo amati, “Jekete njanga, mlongo ngwanga,” ine n'kuvomera, “Ndibweza mawa.”

Boma (ndiye mkazi wangayo, chimene lanena ndi lamulo) lazungulira chibokosi chija, lawerama, lasuzumira. Lati, “Chili ndi mabowo ambiri ichi.”

Lachiwiri, 8 Okotobala

Kukhalitsa n'kuona. Lero ndaona chifuwa changa ndi maso.

Injiniya anati nditsokomole pa maiki kuti ayese. Nditangoti kho, pa sikirini panatuluka chinthu ngati mbozi yaubweya. Akuti ameneyo ndiye mawu anga. Ndinatsokomolanso, mbozi ina. Ndinalira ngati tambala, inatuluka yaitali ya mchira wosongoka. Ndikanachita khola lonse, koma Boma linandiyang'ana.

Ndiye anawaveka a Wailesi mahedifoni kuti azidzimva poimba. Anakhala mowongoka ngati akujambulitsa chithunzi cha chiphaso. Anayamba: “Jekete nja...” n'kuima. Kuyambanso. Kuimanso. Kenaka anavula mahedifoni aja n'kutembenukira kwa ine.

“Alamu, siyani kunditsanzira. Nthawi ya chibwana si ino.”

Ine pakamwa potseka, manja m'matumba! Tsiku limodzi lokha limene ndili wosalakwa, mlandu n'kugwera ine ndemwe.

Ndinavala ndekha kuti ndimve. Zoonadi. Ukati “moni”, mkatimo muli munthu wina wa mawu ako enieni amene amayankha “moni” iwe utatseka kale pakamwa. Sungathe kuimba, lilime limapunthwa lokha.

Injiniya watifotokozera motere. Akuti kompyuta imatunga mawu m'ndowa. Ndowayo pa chizungu chawo amati bafa. Ikakhala yaikulu, imachedwa kudzaza, ndiye mawu amafika m'khutu mochedwa. Ikakhala yaing'ono amafika msanga, koma kompyuta iyenera kuthamanga maulendo ambirimbiri, ndipo ikatopa imatayira panjira. Anachepetsa ndowayo ife tikuona. Wotsanzira uja anasowa. Koma mawu anayamba kuthetheka ngati madzi agwera m'mafuta otentha. Ndiko kutayirako.

A Wailesi anati, “Ndiye kuti makina akonso akudwala pakhosi, mphwanga?” Tonse tinaseka. Boma lokha silinaseke.

Mwana ameneyu ndinamunyamula pa mkono umodzi. Lero akulamula ndowa zosaoneka.

Lachitatu, 9 Okotobala

Tsiku lonse Injiniya wakhala akusamutsa anthu m'kompyuta. Akuti mmenemo mumadzuka mapulogalamu ambiri ukangoiyatsa, osaitanidwa, onse kufuna kudya. Wina woyang'ana makalata, wina wolosera mvula, wina wongofunsa ngati pali chatsopano. Ngati abale obwera kudzaona mwana wobadwa n'kuchoka mwanayo atayamba sukulu. Wawathamangitsa mmodzimmodzi. Intaneti yomwe waidula, akuti pojambula pasalowe alendo.

Kenaka anandionetsa zimene anatikonzera mwakachetechete m'pulogalamu ya nyimboyo. Anadina kamodzi, piyano. Kudinanso, malipenga. Ng'oma. Gulu lonse la oimba, lopanda woledzera ndi mmodzi yemwe! Panalinso china choti ukaimba m'kachipinda kathu aka, uzimveka ngati uli m'holo yaikulu ya denga lalitali. Ndinangoti kukamwa yasa. Ine ndi a Wailesi tinakalamba tikufunafuna woimba ng'oma wosagona pampando, osadziwa kuti ali m'bokosi.

Koma akuti onsewa ndi olemera, aliyense akukwera pamsana pa kompyuta. Ena wawazimitsa. Ena wawaumitsa, kutanthauza kuti kompyuta yawaphika kamodzi n'kuwasunga, sikhalanso ikuwaphika mobwerezabwereza. Kuthetheka kuja kunatha.

Ndiye a Wailesi anaimba. Ambuye! Ndime yoyamba inatuluka ngati kale, yosasa pang'ono koma yawo. Ine pa gitala ndikutsatira. Tikulowa ndime yachiwiri, kompyuta inayamba chibwibwi. Je-je-je-je. Kenaka gwa, yauma. Ngakhale kamuvi ka pa sikirini osasuntha. Injiniya anazimitsa n'kuyatsanso. Zonse zija palibe.

A Wailesi anayesa kunena kuti palibe kanthu, koma panangotuluka mpweya. Mawu a lero anathera pamenepo. Akutha ngati sopo, ukasamba kamodzi wachepa.

Injiniya anakhala pansi manja kumutu. Akuti kunyumba kwake makinawa sachita chonchi.

Lachinayi, 10 Okotobala

Kutentha koopsa. Kompyuta ikuyenda bwino poyamba, pakapita kanthawi chibwibwi. Injiniya wasintha izi ndi izo, chimodzimodzi.

Ndinati mwina yamva nyimbo ya jekete n'kuzindikira kuti muli mlandu wa kuba. A Wailesi anaseka mpaka kutsamwa, chifuwa osaleka, misozi chuchuchu. Boma linanditengera kukhitchini. Silinakweze mawu. Linangoti, “Mukawaseketsa mukudya mawu a achimwene. Mwamva?”

Ndamva.

Lachisanu, 11 Okotobala

Wakuba wagwidwa, ndipo si ine!

Injiniya anagwetsa cholembera, n'kukwawira pansi pa tebulo, kuseri kwa nsalu. Tinangomva, “Mayo!” Watentha dzanja. Chibokosi chija ukanatha kusitira malaya. Anachikokera poyera. Anthuni! Kumbuyo kwake chavala kansalu koluka, ka maluwa m'mphepete, komangidwa bwinobwino ndi zingwe. Mabowo onse a m'mbali atsekedwa ndi tizigamba, kamodzikamodzi, mwaluso, ngati munthu wakhalira tsiku lathunthu.

Onse maso pa ine. Ine ndinati, “Kodi munandionapo ndikuluka?”

Boma linaima pakhomo, manja m'chiuno. “Ndine. Mumafuna mphemvu zikaikire mazira m'katundu wa mwana wanga?”

M'nyumba muno chilichonse chaulemu chimavala. Wailesi ili ndi kansalu kake, TV kake, ngakhale ine ndikakhala duu nthawi yaitali ndikhoza kudzuka nditavindikiridwa. Injiniya anaseka mpaka kugona pansi, kenaka analira pang'ono, kenaka anasekanso. Akuti, “Amama, chimapuma ichi! Chikatentha chimadzichepetsa chokha liwiro kuti chisapse. Mwachitseka mphuno.”

Boma linati, “Mukananena.” Koma masana ndinalipeza likumutsukira Injiniya makapu amene anali otsuka kale.

Injiniya anatsegula bokosilo kuti lizizire. Ndaona m'kati mwa mawotchi moyo wanga wonse, koma ichi n'china. Muli mzinda. Misewu yopyapyala ngati tsitsi, tinyumba takuda tondandalikana, nsanja, ndi kafani pakati katakutidwa ndi fumbi. M'wotchi umaona gudumu likukankha linzake, umadziwa amene akugwira ntchito. Muno palibe chosuntha koma kafani kaja, chonsecho mukukhala piyano. Ndinavula chipewa.

Injiniya anandituma kapampu kanga kopemerera fumbi m'mawotchi, n'kumandilozera poti ndipemere ndi poti ndisayerekeze kukhudza. Ndagwira ntchito pansi pa ulamuliro wa mwana wanga, ndipo sananditukwane. Analowetsanso kachitsulo kena konga chipeso, kamene anachotsa m'kompyuta yakale ya kuntchito kwake. Akuti n'kokulitsa tebulo limene kompyuta imayalapo zinthu pogwira ntchito.

Atayatsa, phee. Kafani kakungonong'ona. Tinaisiya iimbe malipenga ake onse masana athunthu, osatsokomola ngakhale kamodzi.

Tajambula gitala. Poyamba anandiikira kawotchi m'khutu, ke, ke, ke, kuti ndizitsatira. Nyimbo inauma ngati ya asilikali. A Wailesi anagwedeza mutu, n'kuyamba kugunda phazi pansi monga achitira nthawi zonse, kufulumira pokoma, kudekha popuma. Injiniya anazimitsa kawotchi kaja n'kuti, “Tsatirani phazi.” Gitala walowa. Kwatsala mawu.

Loweruka, 12 Okotobala

Makina achira, woimba wakana.

Tinasonkhana tonse, Boma pakhomo, ine pampando pakamwa nditatseka ngati botolo, Injiniya pa kompyuta. A Wailesi anayamba bwino, pa “mlongo ngwanga” mawu anathyoka. Kuyambanso, kuthyokanso pomwepo. Ndipo poyambiranso pamatenga kanthawi, Injiniya atsegule apa, asankhe apo, abwerere koyambirira, iwo ali chiimire pa maiki thukuta kamukamu, ife tikuwayang'ana pakhosi.

Anavula mahedifoni pang'onopang'ono. Ananong'ona kuti, “Mwandizungulira ngati mwabwera kudzaona nkhope.” N'kutuluka.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pa benchi. Sindinanene nthabwala, Mulungu ndi mboni. Patapita nthawi anati mawu awo amabwera mmamawa okha, asanayankhule ndi munthu. Dzuwa likakwera athawa. Koma mmamawa Injiniya amakhala akuperekeza ana kusukulu n'kukaonekera kuntchito. Ndinati bwanji osajambula okha. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti ayendetse ndege. “Mwaona mabatani ake? Ndingakhudze limodzi n'kuzimitsa magetsi a tauni yonse.”

Ndinakamuuza Injiniya. Anayang'ana sikirini yake nthawi yaitali ngati akuiona koyamba. Tizenera pamwamba pa tizenera, timizere, timanambala, tilembo tating'ono ngati nyerere. Kenaka anati, “Zoona. Ndinaikonzera ine ndekha.” Anapempha penti wa m'zikhadabo kwa amake n'kutseka chitseko.

Lamulungu, 13 Okotobala

Sukulu ya nkhalamba. Ophunzira awiri, mmodzi wamakani.

Chimene wachita mwanayu! Ukayatsa kompyuta, osakhudza china chilichonse, imakafika yokha pa nyimbo yathu. Nyerere zonse zija wazibisa. Pa sikirini patsala mizere iwiri ikuluikulu, wina walembedwa GITALA, wina AMALUME, zilembo zoti ungawerenge uli pakhomo magalasi utaiwala. Pa kiyibodi wapenta mabatani atatu. Lofiira, jambula, ndipo limayamba lokha koyambirira. Lobiriwira, mvera. Lachikasu, bweza. Akuti china chilichonse chimene wajambula imadzisungira yokha, ngakhale magetsi atathima.

Lachikasulo ndiye landigwira mtima. Ukalakwitsa, ukadina, cholakwa chija chimachoka ngati sichinachitike. Ndinajambula kulira kwa mbuzi, kudina, palibe mbuzi. Ndinatukwana landilodi wathu wakale, kudina, ndine woyera ngati khanda. Anthu anaganiza bwanji chinthu chotere? Ndinati batani limeneli likanakhalapo tsiku la ukwati wathu...

Boma linati, “Ndikanayamba kudina ndine.”

A Wailesi anakhala pakona manja m'khwapa. Injiniya anawapempha kuti ayese, anakana. “Zisiyeni, ana inu. Nyimbo inaimbidwa kale, amene anamva anamva.” Injiniya anamwetulira, koma potuluka ndinamuona akupukuta m'maso ndi mkono. Masiku onsewa wagwira ntchito ya nkhalamba ziwiri, ntchito yake ili chiimire.

Komabe ndinaona chinthu. Pamene ndinkachita za mbuzi zija, maso a alamu sanali pa ine. Anali pa zala zanga.

Lolemba, 14 Okotobala

Boma linandidzutsa kusanatenthe kuti tikagule za kuchipatala. Beseni, masilipasi, fulasiki. Ndinati ndikhala ndi alamu, mwina mmawa uno angayese. Linati, “Valani nsapato.”

Kumsika lazungulira ngati lataya ndolo. Beseni ili lalikulu, ili laling'ono, ili mtundu wake ngwa maliro. Masilipasi tayang'ana pa mabenchi onse n'kubwerera pa benchi loyamba. Mkazi amene amagula zinthu ngati akuthamangitsidwa ndi galu! Ine mtima uli kunyumba. Mmawa wotsiriza ukupita chifukwa cha beseni.

Tinafika dzuwa lili pamutu. A Wailesi ali pa benchi, akudula zikhadabo. Ndinasuzumira m'chipinda, kompyuta yozima, mpando uli pamalo pake. Ndinawafunsa ngati anakhudza. Ananong'ona, “Ndikhudze kuti ndiphulitse nyumba ya eni?”

Injiniya anaimba foni madzulo kufunsa. Ndinati ayi. Anangoti, “Chabwino, ababa.”

Ndowa, fumbi, penti, zonse zija. Basi.

Lachiwiri, 15 Okotobala

Tawasiya kuchipatala. Bedi la pawindo. Potsanzikana anandikoka malaya, ndinawerama poganiza kuti pali mawu aakulu. Anati, “Jekete ija simunabweze.”

Ndinati mawa.

Lachitatu, 16 Okotobala

Ndilembe bwino izi, dzanja lisathamange.

Atawalowetsa ku opaleshoni, Boma linandithamangitsa. Akuti ndikuyendayenda m'khonde ngati nkhuku yofuna poikira, ndipo anamwino ayamba kundiloza. Linatsala ndi Injiniya. Ndinafika kunyumba masana. Nyumba yopanda a Wailesi imamveka ngati wotchi yoima. Sindinafune tiyi, sindinafune kugona. Ndinalowa m'kachipinda kaja kuti ndimveko gitala wanga, pakhale kaphokoso.

Kuyatsa. Yafika yokha pa nyimbo. Koma mzere wa AMALUME, umene unali woyera Lamulungu, wadzaza mbozi kuchokera koyambirira mpaka kumapeto.

Ndinakhala pansi kaye. Ndinavala mahedifoni. Lobiriwira.

Kunamveka mpando ukukokedwa. Kupuma. Phazi, gu, gu, gu. Kenaka iwo. Osati a pa benchi onong'ona aja, koma a Wailesi enieni, amene ankaimitsa anthu kudya paukwati. Mawu osasa m'mphepete koma pakati pake olimba ngati mtengo. Pa “mlongo ngwanga” sanathyoke, anakwera n'kukhala pamwambapo, kukoka, kukoka, mpaka ine mpweya unandithera. Anali m'khutu mwanga mwenimweni, pafupi kuposa mmene anakhalirapo moyo wonse. Ndinamva ngakhale lilime likunyowetsa milomo. Nthawi yomweyo, kutsidya kwa tauni, anthu ovala zoyera akuchotsa pamene pankatuluka zimenezi. Koma izo zili muno, pansi pa tebulo langa, m'mzinda uja wa misewu ngati tsitsi. Mutu wanga wa pulayimale sukukwanitsa kunyamula.

Pamalo anga onse ovomera asiyapo mpata. Ndipo pa mpata woyamba, pansipansi, akumveka akuti, “Lowanitu alamu, basi ikupita.”

Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Zinazo sindilemba.

Foni inalira ndikumvera kachingati kaya. Injiniya. Atuluka, ali moyo, adokotala akuti zayenda. Ndinati, “Mwanawe, imva izi,” n'kugunditsa foni pa hedifoni. Anamvera ndime yonse. Kenaka ndinamva akuitana, “Amama! Amama, bwerani!”

Lachisanu, 18 Okotobala

Ndawaona. Kapaipi pakhosi, kena m'mphuno, nkhope yatupa. Maso okha ndi omwe aja. Ndinati, “Mwaphulitsa nyumba ya eni.” Ananditsinzinira diso limodzi.

Pobwerera m'basi ndinafunsa Boma za beseni lija. Linayang'ana pawindo n'kuti, “Achimwene anandipempha kuti ndichotse phokoso m'nyumba.” Phokosolo ndine.

Lolemba, 21 Okotobala

Injiniya wawonjezera mzere wachitatu, ABABA. Mmawa ndinadzitsekera ndekha. Lofiira, lachikasu. Lofiira, lachikasu. Penti wa lachikasu wayamba kusupuka. N'zovuta kuvomera munthu amene akukuuza m'khutu kuti basi ikupita. Pomaliza ndinapeza imodzi imene ndinati iyi ndiye, ngakhale angelo aimirira.

Madzulo Injiniya anabwera, anamvera, n'kuyamba kuluma mlomo. Anakulitsa chithunzi pa sikirini mpaka mbozi zinakhala ngati ng'ona. Anandilozera pamene gitala akugunda, ndi pamene “Ndibweza mawa” wanga akuyambira. Pali kampata. Pa ndime yachiwiri, kampata komweko. Yachitatu, komweko. Mpaka kumapeto, kofanana ngati ndachita kuyeza.

Ndinati ndowa yakulanso. Anati ayi. Ndinati mwina amako alukanso kena. Anasuzumira pansi pa tebulo mwaulemu, n'kudzuka. “Ababa, apa si ndowa, si kutentha. Ndi inu.”

Ine! Wokonza mawotchi! A Wailesi akhala akundinena zaka zonsezi kuti ndimalowa ngati munthu wothamangira basi yonyamuka, ine n'kumati ndi nsanje ya oimba otsogolera. Lero makina opanda chibale andionetsa ndi chithunzi. Nyimbo imodzi yokha imene yatsala ya munthu, ine n'kuithimbiriza.

Injiniya akuti akhoza kundikoka ndi kamuvi kaja n'kundiika pamalo enieni, ntchito ya kuphethira kwa diso. Koma akuti tidikire kaye eni nyimbo. Ndati tiona.

Lachinayi, 24 Okotobala

Ndayesanso kujambula, kuti ndifike pa nthawi ndekha. Kampata kali pomwepo. Kandizolowera.

Lachisanu, 1 Novembala

Abwera. Owonda, kansalu koyera pakhosi. Boma lawalukira kena ka maluwa m'mphepete, ndipo Injiniya waliuza kuti ulendo uno lisiye popumira. Alamu mapewa anagwedezeka. Ndiko kuseka kwawo tsopano.

Loweruka, 2 Novembala

Mmawa, iwo akadali kuchipinda, ndinamugwira Injiniya. Ndinati ndikonze msanga asanamve, ndisachite manyazi pamaso pa wodwala. Anati, “Mwatsimikiza?” Ndinati bambo ako ndani. Anagwira mzere wanga wonse n'kuukoka kamodzi, pang'ono chabe, cha kumanzere. Basi, zaka zonse za kuchedwa zatha ndi chala chimodzi. Ndinachita mantha ndi mwana wanga.

Tisanazimitse, a Wailesi analowa atagwira mkono wa mlongo wawo. Tinawakhazika pampando wa patsogolo. Injiniya anatsegula masipika kuti timve tonse. Alamu anadina okha lobiriwira, osafunsa munthu.

Gitala. Phazi la m'makina, gu, gu, gu. “Jekete njanga, mlongo ngwanga...” Ndipo ine, pa nthawi yake yeniyeni, ngati wophunzira nyimbo kusukulu: “Ndibweza mawa.” Ndinadzitukumula. Koma china chake sichinakhale bwino. Ndinalowa iwo akadakoka mawu awo, ndinawaponda mchira. Ndipo nditamaliza panatsala dzenje, gitala yekha, kenaka iwo n'kumati “Lowanitu alamu” kwa munthu amene walowa kale n'kutuluka.

Phazi lawo lenileni, la m'silipasi, silinasunthe. Anakwinya nkhope. Anayang'ana ine, anayang'ana Injiniya. Injiniya anayang'ana kudenga.

Alamu anaimitsa nyimbo. Anawerama pa kiyibodi, chala chikuyendayenda m'mwamba ngati nkhuku yosankha njere. Chinatera pa lachikasu.

Mzere wanga unadumpha n'kubwerera kumene unali.

Lobiriwira. “Jekete njanga, mlongo ngwanga,” kukoka, kukoka, kutsika, kupuma, “Lowanitu alamu, basi ikupita,” ndipo pomwepo, wefuwefu, ine. Ndinakwana m'mpata muja ngati phazi m'nsapato yakale. Ndime yachiwiri chimodzimodzi. Munthuyu anaimba yekha m'chipinda chopanda anthu, koma paliponse anandidikira.

Silipasi linayamba kugunda simenti. Mkazi wanga anakhala pansi pakhomo pomwepo, nsalu kukamwa. Alamu anandiloza, n'kugogoda pamkono pawo pamene pamakhala wotchi, mapewa akugwedezeka.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwabwezere. Ndinafufuza m'matumba onse a m'mutu, osapezamo kanthu. Iwo anadikira pang'ono, monga mwa masiku onse, kenaka anadinanso lobiriwira.